Mbendera, kontrakiti ndi mtundu wa sitima: kuyerekeza njira zogwirira ntchito panyanja zamchere

Munthu akamva kuti mnzake wapeza ntchito pa sitima yamalonda yoyenda panyanja zikuluzikulu, funso loyamba limakhala la malipiro, ndipo akangomva kuti ndi madola a ku America, nkhani imathera pomwepo. Amalinyero amene akhalitsa pantchitoyi safunsa choncho. Iwo amayamba afuna kudziwa dzina la sitimayo, mbendera imene ikupepera kumbuyo kwake yosonyeza dziko limene inalembetsedwako, ndiponso ngati pasitimapo pali mgwirizano umene unasainidwa ndi bungwe la anthu apantchito, chifukwa anaona kale kuti ndalama yolembedwa papepala siithandiza ngati palibe woti akakamize mwini sitima kuilipira. Pamtunda, bwana akakana kulipira, wantchito amakwera minibasi n'kukadandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake. Panyanja, mwini sitima akhoza kukhala ku Greece, kampani yolemba anthu ntchito n'kukhala ku Dubai, sitimayo n'kukhala kuti inalembetsedwa ku Panama, pamene wantchitoyo ali padoko la dziko lina lachinayi limene sangatsikemo popanda viza.

Muyezo woyerekezera

Chimene tingayezere njira zonse ndi pangano la mayiko lotchedwa Maritime Labour Convention, limene ambiri amangoti MLC. Linakhazikitsidwa ku Geneva mu Febuluwale 2006 ndi bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 20 Ogasiti 2013. Mayiko oposa 100 analivomereza, kuphatikizapo South Africa, Mozambique, Tanzania ndi Kenya, koma dziko la United States silinatero.

Panganoli limati aliyense wokwera sitima akhale ndi kontrakiti yolembedwa, imene wapatsidwa mpata woiwerenga ndi kufunsirako nzeru asanasaine. Malipiro aziperekedwa mosapitirira mwezi, pamodzi ndi kapepala kosonyeza zimene walandira ndi zimene zadulidwa, ndipo pakhale njira yotumizira gawo la ndalamazo kubanja. Pa nkhani ya nthawi, dziko la mbendera ya sitimayo limasankha kuti wantchito asapitirire maola 14 pa tsiku ndi maola 72 pa sabata, kapena kuti azipuma maola osachepera 10 pa tsiku ndi 77 pa sabata, ndipo maola opumawo asagawidwe koposa pawiri, chigawo chimodzi chikhale cha maola osachepera 6. Tchuthi cholipidwa ndi masiku awiri ndi theka pa mwezi uliwonse umene munthu wagwira, ndiye chifukwa chake amalinyero amati munthu sayenera kukhala pasitima kupitirira miyezi 11 asanabwerere kwawo, pa tikiti ya mwini sitima. Chakudya ndi madzi akumwa n'zaulere. Munthu akadwala kapena kuvulala ali pantchito, mwini sitima amalipira chipatala, ndipo malamulo a dziko saloledwa kumupeputsira udindowo kuti ukhale wa masabata ochepera 16.

Za kuchuluka kwa malipiro panganoli silikakamiza, limangolangiza. Ndalama yochepetsetsa imene ILO inalangiza kuti mlinyero wodziwa bwino ntchito azilandira pa mwezi inali madola 673 mu 2025, ndipo anagwirizana kuti ikwere kufika madola 690 kuyambira Januwale 2026. Imeneyi ndi ya maola 48 pa sabata, osawerengera ovataimu ndi ndalama ya tchuthi. Choncho kontrakiti imene yangolemba ndalama imodzi yokha, osagawa kuti malipiro enieni ndi angati, ovataimu yokhazikika ndi ya maola angati, ndipo ya tchuthi ndi ingati, iyenera kukayikiridwa ngakhale ndalamayo ioneke yambiri.

Sitima ya mbendera ya kwawo kwa mwini wake

Njira yoyamba, imenenso ndi yakalekale, ndi ya sitima imene inalembetsedwa m'dziko lomwelo limene mwini wake amakhala ndi kukhoma msonkho. Ubwino wake ndi woonekeratu: boma limene likuyang'anira sitimayo ndi lomwelo limene lingathe kumukokera mwini wakeyo kukhoti, ndipo mabungwe a anthu apantchito a m'dzikolo ali ndi mawu. Koma kwa mlendo chitseko chimenechi n'chopapatiza, popeza mayiko ambiri amasungira nzika zawo ntchitozi. Mayiko ena anatsegula kaundula wachiwiri wolembetseramo sitima, monga Norway mu 1987 ndi Denmark mu 1988, amene amalola kulemba alendo pa malipiro otsika kuposa a nzika, choncho munthu asaganize kuti mbendera ya ku Ulaya ndiye kuti malipironso ndi a ku Ulaya. Chimene amapindula ndi kuyang'aniridwa bwino, ndipo chimenecho si chochepa.

Mbendera yogula, pakakhala mgwirizano wa ITF

Sitima zambiri zimene munthu wa kuno ku Malawi angapezepo ntchito zili pa zimene amalinyero amazitcha flag of convenience, kutanthauza mbendera imene mwini sitima wachita kugula kudziko lina pofuna msonkho wochepa ndi ufulu wolemba ntchito aliyense amene wamufuna. Akaundula akuluakulu atatu ndi a Liberia, Panama ndi Marshall Islands, ndipo Liberia inaposa Panama mu 2023 tikatengera kukula kwa sitima zonse pamodzi. Chodabwitsa n'chakuti maofesi aakulu a kaundula wa Liberia ndi wa Marshall Islands ali ku Virginia, ku United States, osati ku Monrovia kapena ku Majuro.

Mbendera yogula payokha sikutanthauza nkhanza. Mayiko atatu onsewa anavomereza MLC, ndipo makampani ena odziwika bwino amene amalipira pa nthawi yake amalembetsa sitima zawo komweko. Chimene chimasiyanitsa sitima ziwiri za mbendera imodzi ndi mgwirizano wa bungwe la International Transport Workers' Federation, kapena kuti ITF, limene lili ndi likulu lake ku London ndipo lakhala likulimbana ndi mchitidwe wogula mbendera kuyambira mu 1948. Mwini sitima akasaina mgwirizano wovomerezedwa ndi ITF, malipiro a udindo uliwonse amalembedwa poyera kuyambira kwa kaputeni mpaka kwa wotsuka mbale, ovataimu imakhala ndi mtengo wake, ndipo chipukuta misozi cha imfa kapena kulumala chimatchulidwa ndalama yake yeniyeni m'malo mongoti kampani idzaona chochita. Bungweli lili ndi oyendera m'madoko oposa 100, amene amakwera pasitima, n'kuitanitsa mabuku a malipiro, ndipo chaka ndi chaka amabwezetsa madola mamiliyoni ambiri amene eni sitima anali atakhalira.

Phindu lina la mgwirizano wotere linaoneka pamene a gulu la Houthi a ku Yemen anayamba kuukira sitima pa Red Sea. Anagwira sitima ya Galaxy Leader mu Novembala 2023 n'kusunga antchito ake 25 mpaka Januwale 2025, ndipo mu Malichi 2024 amalinyero atatu anaphedwa pa sitima ya True Confidence. Amalinyero amene ali pansi pa mgwirizano wa International Bargaining Forum, umene ITF imakambirana ndi magulu a eni sitima, ali ndi ufulu wokana kulowa m'dera limene lalengezedwa kuti ndi la nkhondo, n'kubwezedwa kwawo pa ndalama za kampani, ndipo amene avomera kupitako amalandira ndalama yapadera pamwamba pa malipiro, pomwe chipukuta misozi chimawirikizidwa kawiri. MLC nayo imanena kuti munthu wogwidwa ndi achifwamba apanyanja apitirize kulipidwa nthawi yonse imene ali m'manja mwawo, ndipo lamulo limenelo linayamba kugwira ntchito mu Disembala 2020.

Kunena zoona, kwa munthu wochokera kudziko lopanda sitima zakezake zapanyanja yamchere, imeneyi ndiyo njira yabwino koposa mwa zimene angazifikire, ngakhale kuti makontrakiti a antchito wamba amakhala aatali, kawirikawiri miyezi 9, pamene maofesala akuluakulu amakhala miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi n'kupita kukapuma.

Mbendera yogula, popanda mgwirizano uliwonse

Apa ndiye pali dzenje. Pali akaundula ang'onoang'ono amene amalembetsa sitima zakale zimene ena azikana, ndipo sakhala ndi anthu okwanira oziyendera. Mayina monga Comoros, Togo, Cameroon ndi Moldova akhala akupezeka pa mndandanda wakuda wa Paris MoU, mgwirizano wa maboma oyendera sitima m'madoko a ku Ulaya, kutanthauza kuti sitima za mbendera zimenezi zimapezeka ndi zolakwika kawirikawiri. Mwini sitima yotere nthawi zambiri amakhala kampani ya papepala imene ili ndi sitima imodzi yokhayo, ndipo ngongole zikaposa mtengo wa sitimayo, iye amaona kuti n'kwapafupi kuzimitsa foni kusiyana n'kulipira.

Nkhani ya sitima ya Rhosus imaonetsa bwino mmene zimenezi zimachitikira. Inali pa mbendera ya Moldova, dziko limene lilibe gombe la nyanja yamchere ngati mmene lilili dziko la Malawi. Inanyamuka ku Batumi, ku Georgia, mu Seputembala 2013 itanyamula matani 2,750 a ammonium nitrate, mankhwala amene amapangira feteleza ndi zophulitsira, ulendo wa ku Beira, doko lomweli limene feteleza ndi mafuta athu ambiri amadzera. Ku Beira siinafike. Inaima ku Beirut, ku Lebanon, komwe akuluakulu a padoko anailetsa kuchoka, ndipo amene ankaiyendetsa anangoisiya. Kaputeni wake, Boris Prokoshev, pamodzi ndi anzake atatu a ku Ukraine, sanaloledwe kutsika, ndipo anakhala pamwamba pa katundu woopsayo pafupifupi chaka chathunthu osalipidwa, moti kaputeniyo anagulitsako mafuta a sitimayo kuti apeze ndalama yolipira maloya amene anawathandiza kubwerera kwawo mu 2014. Katunduyo anamusamutsira m'nyumba yosungiramo katundu ya padokopo, ndipo ndi amene anaphulika pa 4 Ogasiti 2020 n'kupha anthu oposa 200. Dziko lonse limakumbukira kuphulikako, koma chiyambi chake chinali antchito osiyidwa.

Kuyambira pa 18 Januwale 2017, MLC imalamula kuti sitima iliyonse ikhale ndi inshulansi ya vuto limeneli. Munthu amawerengedwa kuti wasiyidwa ngati mwini sitima walephera kumulipirira ulendo wobwerera kwawo, kapena wamusiya wopanda chakudya, madzi ndi mafuta, kapena sanamulipire kwa miyezi iwiri. Zikatero, kampani ya inshulansi imayenera kupereka malipiro a miyezi yosapitirira inayi, tikiti ndi zofunika zina. Chikalata chake chimamatidwa pamalo oonekera, kawirikawiri pa bolodi la pafupi ndi chipinda chodyera, ndipo pamakhala dzina la kampaniyo, nambala ya foni ndi tsiku limene inshulansiyo idzathere. Mlinyero wochenjera amachijambula pafoni tsiku lomwe wakwera. Komabe vutoli silinathe, ndipo likukulirakulira: malinga ndi ITF, mu 2024 amalinyero 3,133 anasiyidwa pa sitima 312, pamene chaka cha 2023 sitima zotere zinali 132. Malire a miyezi inayi aja ndi amenenso amagwetsa anthu ambiri m'mavuto, chifukwa munthu amapirira miyezi isanu ndi itatu akulonjezedwa kuti ndalama ibwera padoko lotsatira, ndipo akamadzadandaula, theka la ndalamazo amakhala woti alipeza pokhapokha khoti litagulitsa sitimayo.

Pansi penipeni pali sitima za mbendera zabodza. Mu 2025 kunamveka malipoti akuti sitima zina zonyamula mafuta zinkadzitchula kuti n'zolembetsedwa ku Malawi pomwe boma silinazilembetse. Mmalawi asakopeke poona dzina la dziko lake papepala lotere, chifukwa sitima ya mbendera yabodza ilibe boma lililonse loiyang'anira, ndipo zikalata zake za inshulansi n'zokayikitsa.

Sitima za alendo okaona malo

Achinyamata ambiri a m'chigawo chino cha Africa amalowa ntchito yapanyanja kudzera pa sitima zikuluzikulu zonyamula alendo, monga zimene zimanyamuka ku Durban kupita kuzilumba za ku Mozambique, ndipo amagwira ntchito za kukhitchini, zoperekera zakudya ndi zoyala m'zipinda. Chofunika kudziwa n'chakuti MLC imati mlinyero ndi aliyense wogwira ntchito pasitima, kaya ntchitoyo ndi yotani, choncho woperekera zakudya ali ndi ufulu wofanana ndi wa kuinjini. Ubwino wa njirayi ndi wakuti siifuna maphunziro aatali a zapanyanja kupatulapo maphunziro oyambirira a chitetezo, kampani imakhala yodziwika ndiponso yoopa kuipitsa mbiri yake, ndipo sitima imafika padoko pafupipafupi. Kuipa kwake ndi maola. Palibe tsiku lopuma kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi inayi, ntchito imakhala ya maola 10 kapena kuposerapo yogawidwa m'mawa, masana ndi usiku, ndipo pa maudindo ena gawo lalikulu la ndalama limadalira zimene alendo apereka mothokoza, moti munthu ayenera kufunsitsa kuti ndalama yotsimikizika yolembedwa m'kontrakiti ndi ingati. Ntchitoyi siimukwezanso munthu kuti adzakhale ofesala woyendetsa sitima kapena injiniya. Makwerero ake ndi a kuhotela.

Pa sitima zonyamula katundu pakokhanso pali kusiyana kumene olemba ntchito satchula. Sitima yaikulu yodutsa nyanja kwa masabata atatu imakhala ndi ulonda wa maola 4 n'kupuma maola 8, ndipo thupi limazolowera, ngakhale kusungulumwa kumakula. Sitima yaing'ono yoyenda m'mbali mwa gombe, imene imalowa doko tsiku lililonse kapena pakapita masiku awiri, nthawi zambiri imayendera maola 6 pantchito ndi maola 6 opuma, ndipo m'maola opumawo muli kudya, kusamba, kuchapa ndi kudzutsidwa kukamanga zingwe sitima ikamakocheza. Papepala la maola zonse zimaoneka zolongosoka, koma kafukufuku amene yunivesite ya World Maritime University ya ku Malmö inatulutsa mu 2020 anapeza kuti kusintha mapepalawa kuti agwirizane ndi lamulo n'kofala kwambiri. Nkhani ya intaneti nayonso si yachibwana: sitima ya Wakashio, imene inagunda miyala ku Mauritius mu Julaye 2020 n'kutaya mafuta m'nyanja, inayandikira gombe anthu ake akufunafuna netiweki ya foni, pa nthawi imene mliri wa Covid-19 unachititsa kuti amalinyero pafupifupi 400,000 alephere kutsika makontrakiti awo atatha. Kuyambira Disembala 2024, MLC imalamula eni sitima kuti apereke njira yolumikizirana ndi abale, ndi intaneti pamene n'kotheka.

Sitima zausodzi ndi sitima za pa Nyanja ya Malawi

Njira ziwirizi zili kunja kwa MLC, koma pa zifukwa zosiyana. Sitima zausodzi zili ndi pangano lakelake la ILO, la nambala 188, la mu 2007, limene linayamba kugwira ntchito mu 2017 ndipo mayiko amene analivomereza ndi ochepa kwambiri. South Africa ndi limodzi mwa mayikowo, ndipo ku Cape Town n'kumene sitima yoyamba inaletsedwa kuchoka padoko pogwiritsa ntchito panganoli mu 2018. Sitima zosodza kutali zimatha kukhala panyanja miyezi yambirimbiri osafika padoko, chifukwa nsomba zimasamutsidwira m'sitima ina ndipo mafuta amathirira panyanja pomwepo, choncho palibe woyendera amene amaziona. Amene wauzidwa kuti akagwira pa sitima yonyamula katundu n'kupeza kuti pali mbedza ndi maukonde, adziwe kuti chitetezo chonse chimene tafotokoza chija chatsala kumtunda.

Sitima za pa Nyanja ya Malawi, monga Ilala imene yakhala ikuyenda kuyambira mu 1951, sizili pansi pa MLC chifukwa panganoli silikhudza sitima zoyenda m'nyanja za mkati mwa dziko. Antchito ake amatetezedwa ndi malamulo a dziko, makamaka Employment Act ya mu 2000, ndipo akhoza kukadandaula ku khoti la Industrial Relations Court. Malipiro ndi a makwacha ndipo sangafanane ndi a madola, koma munthu sangasiyidwe padoko lachilendo, ndipo amene anaphunzira pa Marine Training College ku Monkey Bay amayambira pamenepa. Wofuna kuchoka panyanjayi kupita kunyanja yamchere afunse kaye ngati ziphaso zake zikuvomerezedwa ndi dziko la mbendera ya sitima imene akufunayo, mogwirizana ndi pangano la STCW loona za maphunziro a amalinyero, chifukwa kuvomerezako kumachitika dziko ndi dziko.

Kulembedwa ntchito kwake

Njira iliyonse mwa zimenezi imadutsa mwa wolemba ntchito, ndipo apa lamulo la MLC ndi lachidule: mlinyero salipira chilichonse kuti apatsidwe ntchito. Zimene angalipire yekha ndi pasipoti, buku la amalinyero la dziko lake ndi chiphaso cha dokotala, chimene chimagwira ntchito kwa zaka zosapitirira ziwiri, pamene viza ndi ya mwini sitima. Ajenti wovomerezeka amalipidwa ndi kampani, ndipo saloledwa kusunga mndandanda wa anthu oti asamalembedwenso ntchito chifukwa chakuti anadandaulapo. Choncho uthenga wa pa WhatsApp kapena pa Facebook wonena kuti malo alipo koma mutumize kaye ndalama ya fomu, ya viza kapena ya tikiti imene adzakubwezerani mukafika, ndi wa madobadoba, ngakhale ukhale ndi chizindikiro cha kampani yodziwika.

Asanasaine, munthu apemphe nambala ya IMO ya sitimayo. Ndi nambala ya manambala 7 imene imakhomedwa pathupi la sitima ndipo siisintha ngakhale dzina, mbendera ndi mwini wake zitasintha kakhumi. Ndi nambala imeneyi akhoza kuona pa webusaiti ya ITF ngati sitimayo ili ndi mgwirizano ndiponso tsiku limene udzathere, ndipo pa webusaiti ya Equasis, pamene amalembetsa mwaulere, akhoza kuona zaka za sitimayo, mbendera zimene yasinthapo ndi maulendo amene oyendera a boma anailetsa kuchoka padoko. Sitima ya zaka 25 imene yasintha mbendera katatu pa zaka ziwiri, n'kukhalanso kuti ilibe mgwirizano uliwonse, ndi yofunika kuikana ngakhale ajenti atalonjeza ndalama yoposa ya anzake onse, ndipo ajenti amene akukana kutchula nambalayo ndi wofunika kumukana iyeyo asanatchulenso za pasipoti.